Phunziro la a Mwanza a ku Petauke

Sabata yatha pamsika wa Lisungwi ndinakumana ndi mayi wina wa m'mudzi mwathu akukoka mbuzi ziwiri. Nditawafunsa kuti kwagwanji, anati: "Bambo, mwana uja amusankhira ku yunivesite. Chimwemwe chinali cha tsiku limodzi, pano mutu waima ndi fizi." Ndinawafunira mafuno abwino, koma njira yonse yobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti kodi n'chifukwa chiyani sukulu za boma zimasowa ndalama chonsecho zimatsogoleredwa ndi anthu ophunzira kwambiri. Apa ndi pomwe ndinakumbukira mbiri ya Dr. Jacob Mwanza a ku Zambia.

Musasokonezeke ndi dzinali, awerengi, si a boma la Mwanza loyandikana nafeli. Iwowa anabadwira ku Petauke, kum'mawa kwa Zambia, mu 1937. Maphunziro a zachuma anachitira ku Münster m'dziko la Germany, kenako digiri ya udokotala anakatengera ku Cornell ku America. Mu 1976 anawasankha kukhala Vice Chancellor, kutanthauza mkulu woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, pa University of Zambia ku Lusaka, ndipo anakhala pampandowo mpaka 1987.

Sukulu yomwe analandirayo inali ya anthu wamba. Pomwe Zambia imalandira ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi digiri zinali zongopitirira pang'ono 100. Boma la Kenneth Kaunda litapempha thandizo lomangira yunivesite, anthu a m'midzi anasonkha zomwe anali nazo, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi. Sukuluyo inatsegulidwa mu 1966, patangotha chaka chimodzi yathu ya University of Malawi itayamba.

Wina angaganize kuti katswiri wa zachuma akakhala pampando ndiye kuti mavuto a ndalama atha. A Mwanza anapeza zina. Nthawi imeneyo kopa ndiye amabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja ku Zambia, ndipo mu 1975 mtengo wake unagwa kwambiri pamsika wa dziko lonse pomwe wa mafuta unali utakwera. Boma linayamba kukhalira ngongole. Yunivesite yodalira thumba la boma, yomwenso imagula mabuku ndi zipangizo za m'labu ndi ndalama zakunja, sikanapulumuka. Malipiro anatha mphamvu ndipo aphunzitsi ambiri anayamba kuyang'ana kumaiko ena. Mu December 1986 mtengo wa ufa utakwezedwa, kunabuka zipolowe ku Copperbelt ndipo anthu anafa. Mu May 1987 a Kaunda anathetsa mgwirizano ndi bungwe la IMF. Zaka 11 za a Mwanza pa yunivesite zinagwera m'nyengo yowawa imeneyi.

Ngakhale zinali choncho, sukuluyo siinafe. Inapitiriza kutulutsa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi, ndipo mu 1987 nthambi yake ya ku Kitwe inaima payokha kukhala Copperbelt University. A Mwanza pambuyo pake anakhala gavanala wa banki yaikulu ya Zambia kuyambira 1995 mpaka 2002, moti siginecha yawo inali pa ndalama zamapepala za dzikolo. Kenako anabwereranso ku yunivesite yomwe ija ngati Chancellor.

Chomwe ine ndikutolapo n'chakuti yunivesite imadya zomwe dziko lagulitsa. Mkulu wake akhoza kudziwa masamu onse a zachuma, koma sangakolole pomwe dziko silinadzale. Zambia inatsamira pa kopa, ife tatsamira pa fodya. Kwacha yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa buku, wa kompyuta ndi wa mankhwala a m'labu unakwera, ndipo mapeto ake mtolowo umadzatera pamutu pa mayi wokoka mbuzi uja. Kulozana zala ndi akuluakulu a sukulu kokha sikungatsitse fizi.

Komabe pali mbali yomwe ili m'manja mwathu. Boma linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede mu 2015, ndipo bungweli lakhala likudandaula kuti ambiri omwe anathandizidwa m'mbuyomu sakubweza. Ena mwa iwo lero akuyenda pa galimoto zapamwamba, kudutsa pa Zalewa osakumbuka kuti ndalama yomwe akusungayo ndi ya mwana wina wa ku Neno. Ngongole ya sukulu ili ngati chipereganyu: wolandira lero ayenera kuponya mawa kuti mnzake naye alandire. Kupatsa n'kuika, koma wolandira akamangodya osabweza, nkhokwe imauma.

Chachiwiri, maphunziro ayenera kubwerera kumunda. Kuno ku Neno timalima manachesi, mbatata ya kachewere ndi tirigu kumtunda, koma zambiri zimagulitsidwa motchipa kapena kuwolera m'njira chifukwa cha misewu yoipa ndi kusowa kwa makina ozikonzera. Achinyamata athu ambiri atsalira pa makala. Ngati ophunzira zachuma ndi zaulimi sathandiza mlimi wa kuno kupeza msika wabwino, dziko lipitiriza kudalira mbewu imodzi, ndipo yunivesite ipitiriza kupempha.

Anthu a ku Zambia anapereka mbuzi kuti amange yunivesite. Mayi wa ku Lisungwi wagulitsa zake kuti mwana alowemo. Inu omwe munadutsamo kale ndipo muli pantchito, kayenderani buku la ngongole mwezi uno, mayiyu asadzagulitsenso khola lonse chaka chamawa.