Mleme wa pabotolo ndi kandalama ka mwana wasukulu

Mu sitolo zikuluzikulu za kuno ku England, kumene ndikuchita maphunziro anga, mabotolo a rum woyera amaikidwa pa shelefu imodzi koma osati pamalo amodzi. Bacardi amakhala pamene maso amafikira msanga, ndi kamleme kake kakuda pa chizindikiro chofiira. Rum wa sitolo yomweyo, amene amalembapo dzina la sitolo kapena dzina longopeka, amakhala m'munsi, koti uchite kuwerama. Ku Aldi amamutcha Old Hopking. Onse ndi a 70cl, onse ndi oyera ngati madzi a pa mjigo, onse mphamvu yake ndi 37.5 peresenti. Kusiyana kwake ndi mapaundi angapo, ndalama yoti mwana wasukulu angagulire ndiwo za masiku awiri.

Ine ndimawerama n'kutenga wa m'munsiyo. Anzanga ena, makamaka ochokera kwathu, amachita nazo manyazi kufika ku phwando atanyamula botolo lotere, moti ena amathira mu jagi msangamsanga kuti dzina lisaoneke. Maganizo anga ndi oti ngati rumyo mukusakaniza ndi Coca-Cola kapena madzi a zipatso, ndalama yoonjezerayo mwaitaya.

Tiyambe ndi masamu, ngakhale ife a zaumunthu ndi mbiri timawathawa. Boma la Britain limadula msonkho malinga ndi kuchuluka kwa alcohol amene ali m'botolo, osati dzina la pabotolo. Pa mlingo umene unayamba mu February 2025, lita imodzi ya alcohol weniweni mu mowa waukali inkalipiridwa £32.79. Botolo la 70cl la 37.5 peresenti lili ndi malita 0.2625, ndiye msonkho wake pa mlingo umenewo unali £8.61. Pamwamba pake pamabwera VAT ya 20 peresenti, imene imawerengedwa ngakhale pa msonkho womwewo. Kutanthauza kuti ngakhale rumyo, botolo, chitsekerero ndi lole yonyamula zikanakhala zaulere, mukanalipirabe £10 ndi kanthu. Msonkho umenewu ndi umodzimodzi pa Bacardi ndi pa Old Hopking. Chotsala pamenepo ndi chimene wopanga ndi wogulitsa amagawana, ndipo pa botolo la dzina lotchuka gawo lina limapita ku zithunzi za anyamata ndi atsikana ovina m'mbali mwa nyanja zimene timaziona pa Instagram.

Wina anena kuti chotchipa chimakhala chachinyengo. Koma mawu oti rum pa botolo sangolembedwa mwachisawawa. Lamulo la kuno, monganso la European Union, limati rum apangidwe kuchokera ku nzimbe basi, kaya madzi ake kapena molasesi, zotsalira zakuda zonata zija zimene zimatuluka popanga shuga. Mphamvu yake isachepere 37.5 peresenti, ndipo asathiremo mowa wa mtundu wina kapena zonunkhiritsa. Chimene chalephera izi chimalembedwa kuti spirit drink. Chosekesa n'chakuti Captain Morgan wa zonunkhira uja, amene anthu amamunyamula monyadira, kuno ndi wa 35 peresenti ndipo pa botolo pake palembedwa spirit drink. Wa ku Aldi wonyozekayo ndiye rum weniweni pamaso pa lamulo.

Mbiri ya Bacardi ndi imene imandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa ndi imene imapereka mfundo yanga. Rum anayambira m'minda ya nzimbe ya ku Caribbean m'zaka za m'ma 1600, m'zilumba ngati Barbados, kumene anthu ogwidwa ukapolo ku Africa ankadula nzimbe kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Unali mowa wowawa, wotentha pakhosi, moti ankautcha kill-devil. Ankamwa ndi akapolo, amalinyero ndi amphawi. Olemera ankamwa brandy ndi vinyo. Tinene mosabisa, rum anali kachasu wa nthawi imeneyo, ndipo n'zochititsa chidwi kuti dzina la kachasu wathuyu likufanana ndi cachaça, mowa wa nzimbe wa ku Brazil.

Mu 1862 Facundo Bacardí Massó, wamalonda wochokera ku Catalonia, anagula kafakitale kotchezera mowa ku Santiago de Cuba. M'denga mwake munkakhala mileme, ndipo ndi kumene kunachokera chizindikiro chija. Luso lake linali lofewetsa rum: kusankha yisiti, kusunga mowawo m'migolo ya matabwa, ndi kuusefa m'makala kuti fungo laukali lichoke. Kunena kwina, chimene chinamutchukitsa ndi kuchotsa, osati kuonjezera. Anapanga rum wopepuka, wosavuta kumeza, wosalimbana ndi chimene wasakanizidwa nacho. M'nthawi yake zinali zachilendo. Lero sizachilendonso. Makina otchezera mowa mosalekeza, amene Aeneas Coffey anawalembetsa mu 1830, ali m'mafakitale ambirimbiri, ndipo amatulutsa mowa wopepuka wotere m'matanki. Pali makampani, monga E&A Scheer ya ku Amsterdam, amene ntchito yawo ndi kugula rum wochuluka m'maiko osiyanasiyana, kumusakaniza, n'kugulitsa kwa aliyense wofuna kumata dzina lake pabotolo. Chinthu chosavuta kutengera pa dziko lapansi ndi mowa umene cholinga chake ndi kusamveka kwambiri m'kamwa.

Ndipo Cuba amene amatigulitsa m'malonda aja, kampaniyo inachokako kalekale. Boma la Fidel Castro linalanda katundu wake mu 1960. Fakitale yake yaikulu lero ili ku Cataño, ku Puerto Rico, pomwe likulu lake lili ku Bermuda.

Sindikunena kuti mabotolo awiriwa ndi ofanana ndendende. Bacardi Carta Blanca amasungidwa m'migolo chaka chathunthu kapena kuposera asanasefedwe, pamene otchipa ambiri sanena n'komwe ngati anagonapo mu mgolo. Mukamwa osasakaniza, wotchipayo akhoza kukukandani pakhosi pang'ono ndi kusiya kafungo ngati ka mankhwala. Koma ndani amamwa rum woyera osasakaniza? Amathira kamlingo ka 25ml mu tambula, pamwamba ayisi, Coca-Cola wodzaza ndi shuga, kenako ndimu. Mu mojito mumalowa shuga, ndimu, masamba a mint ndi soda. Pamenepo lilime limamva ndimu ndi shuga, rum amangotsatira pambuyo. Mukafuna kuti chakumwa chikome, gulani mandimu enieni m'malo mwa madzi a m'botolo, ndipo ayisi asachepe. Zimenezi zimasintha kukoma kuposa mleme.

Nanga bwanji anthu amalumbira kuti amamva kusiyana? Mu 2008 akatswiri a ku Caltech ndi Stanford, motsogozedwa ndi Hilke Plassmann, anapatsa anthu vinyo yemweyo kawiri, koyamba n'kuwauza kuti ndi wa $10, kenako wa $90. Anthuwo anati wodulayo akukoma kwambiri, ndipo makina ounikira ubongo anaonetsa kuti mbali imene imamva kukoma inkagwiradi ntchito mwamphamvu. Sankanama. Mtengo unalowa m'kukomako. Thorstein Veblen analemba kale mu 1899 za anthu ogula zinthu zodula n'cholinga choti aonedwe, ndipo aliyense amene anaonapo botolo likubwera pa tebulo mu kalabu ndi timoto tothetheka amadziwa kuti Veblen sanafe.

Kwa ife ochokera ku Malawi ndi Zambia, manyaziwa ali ndi muzu wina, ndipo ndimaulemekeza. Tinakula tikuona zimene mowa wotchipa umachita. Masacheti anawononga anyamata m'madepoti ndi m'misika mpaka boma linawaletsa. Ku Zambia tujilijili tinaletsedwa mu 2012. Kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba sadziwika mphamvu yake, mutu wake umagwetsa ngakhale mkulu wozolowera. M'maganizo mwathu, mowa waukali wotchipa ndi wa munthu wotayika, ndipo mwana amene makolo anagulitsa ng'ombe kuti akwere ndege safuna kuoneka akumwa wotere. Koma vuto la kachasu ndi loti palibe amene amamuyeza, ndipo vuto la masacheti linali loti mwana wa pulayimale ankatha kugula ndi ndalama ya zitumbuwa n'kubisa m'thumba la yunifolomu. Botolo la mu supamaketi layezedwa, lalipira msonkho, ndipo likalakwika pali wom'gwira. Choopa kuno ndi botolo la dzina lotchuka limene munthu akukugulitsani kuchokera m'buti ya galimoto pa theka la mtengo. Chikomekome cha mkuyu chimakhala pamenepo.

Choopsa chenicheni cha rum wotchipa ndi dzanja lothira. Munthu amachita kaso ndi botolo lodula, koma lotchipa amalipendeka osayang'ana. Botolo la 70cl lili ndi mayunitsi 26 ndi pang'ono, pamene madokotala akuluakulu a boma kuno amalangiza kusapitirira 14 pa sabata. Matsire safunsa dzina la pabotolo. Ku Scotland anaona zimenezi n'kuika mtengo wotsikitsitsa pa yunitsi iliyonse, 50p mu 2018, kenako 65p mu September 2024, moti kumeneko botolo lotere silingagulitsidwe pansi pa £17.06. Anzathu a ku Glasgow ndi Edinburgh, mkangano wanga onsewu kwa inu wachepa mphamvu, chifukwa lamulo lakweza wa m'munsi uja kufika pafupi ndi mleme.

Alipo rum woyera amene ndalama yake imamveka m'kamwa. Wray & Nephew wa ku Jamaica ndi wa 63 peresenti, fungo lake ngati nthochi zakupsa kwambiri, ndipo ngakhale mutathira chiyani amamvekabe. Rhum agricole wa ku Martinique amapangidwa ndi madzi a nzimbe ofinyidwa kumene, osati molasesi, ndipo kuyambira 1996 ali ndi chitetezo cha dzina ngati vinyo wa ku France. Amanunkhira ngati nzimbe yongosendedwa kumene, fungo loti aliyense amene anadutsapo ku Nchalo kapena ku Dwangwa nthawi yodula angalizindikire. Amenewa supamaketi singawatengere ndi thanki ya mowa wosamveka. Wa ku Martinique ndidzamugula ndikadzalandira malipiro anga oyamba, ndipo Coca-Cola sadzayandikira pa tambulayo.