Malo a Ntchito Alandire Anthu Aulumali: Kalata ya Abusa



Atsogoleri a mipingo alemba kalatayi pokhudzidwa ndi momwe abale ndi alongo aulumali akuvutikira kupeza ntchito, ngakhalenso kukhalitsa pantchitoyo akaipeza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali. Koma m'maofesi, m'mabanki ndi m'mafakitale, aulumali amachita kuwerengeka.

Malamulo alipo ndithu. Malamulo aakulu a dziko lino amaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la ntchito la 2000 likunena zomwezo. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Lamulo latsopano la 2024 ndi lomwe linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA.

Mavuto amayambira pakhomo pa ofesi. Mtsikana woyenda pa njinga ya olumala, amene anakhoza bwino maphunziro owerengera ndalama, amaitanidwa ku intavyu m'chipinda cham'mwamba, nyumba yake ya masitepe okhaokha. Alonda awiri amamunyamula ngati thumba la chimanga, anthu akuonerera, ndipo pofika pamaso pa mabwana amakhala atagwa kale mphwayi. Akalembedwa ntchito amapeza kuti njinga yake siingalowe pakhomo la chimbudzi, choncho amadzimana madzi ndi tiyi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mnzake wosamva amakhala pamsonkhano wa antchito kumangoyang'ana milomo ya anthu poti palibe womasulira chinenero cha manja. Wachialubino amatumidwa ntchito ya padzuwa popanda chipewa kapena mafuta oteteza khungu. Izi ndi zopweteka mtima, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama zochuluka kuti zikonzedwe.

Mose atadandaula kuti salankhula bwino, Mulungu sanamulande ntchito yotsogolera Aisraele. Anamupatsa Aroni kuti azimulankhulira. Olemba anthu ntchito ayenera kutengerapo phunziro: wosaona apatsidwe kompyuta yomuwerengera zolembedwa kapena zikalata za Braille, woyenda movutika ofesi yake ikhale pansi.

Luso mwa anthuwa lilipo. Nsalu ndi makapeti a ku fakitale ya Bangwe ku Blantyre amalukidwa ndi manja a aulumali. Ku Magomero m'boma la Chiradzulu, achinyamata aulumali amaphunzira ntchito zamanja. Malemu mayi Rachel Kachaje, omwe ankayenda pa njinga ya olumala, anakhala nduna ya boma mu 2013, ndipo a Overstone Kondowe, omwe ndi achialubino, anasankhidwa kukhala phungu wa ku Nyumba ya Malamulo mu 2021.

Mipingo nayo isadzipatule, chifukwa imalemba ntchito anthu ambiri m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi ake. Abusa akupempha mpingo uliwonse kuti chaka chino uyendere nyumba zake zonse limodzi ndi anthu aulumali eni ake, kuti iwowo aloze pofunika kukonza: polowera potsetsereka, makomo otambasuka, zimbudzi zoyenera. Akupemphanso boma kuti lisavomereze mapulani a nyumba za ntchito zopanda zinthu zimenezi, ndi kuti lipatse MACODA ndalama zokwanira zoyendera malo a ntchito ndi kulondoloza madandaulo.

Ambuye akudalitseni nonse.

Abusa anu mwa Khristu.