Fakitale yatsopano siibweza ntchito zonse zakale

Kumalire kuno nyuzipepala yakale siitayidwa. Amayi amakulungiramo usipa pamsika, agogo amapichiramo fodya, ana amakutira makope. Ku Britain anafika pomanga mafakitale ogaya nyuzipepala zakale n'kupanga mapepala atsopano. Nkhani ya fakitale ina yotere, ya ku Shotton m'dziko la Wales, ndi yofunika kuti aliyense womva malonjezo a chitukuko aimvetsetse.

Ku Shotton, m'mbali mwa mtsinje wa Dee, kunali fakitale yaikulu yosungunula zitsulo. M'mwezi wa March 1980 kampani ya boma ya British Steel inazimitsa ng'anjo zake, ndipo anthu 6,500 ntchito inawathera. M'chaka cha 1985 kampani ya ku Finland, yodziwika ndi dzina loti UPM, inatsegula fakitale ya mapepala a nyuzi m'dera lomwelo. Poyamba inkagwiritsa ntchito mitengo, koma kuyambira 2003 inkagaya mapepala akale okhaokha.

Ntchito yake imayenda motere. Mapepala amaviikidwa m'madzi mpaka asanduke phala. M'phalamo amathiramo sopo n'kupoperamo mpweya, inki imayandama ndi thovu n'kuyengulidwa. Phala loyeralo amaliyala pa makina, kulifinya ndi kuliumitsa. Zonsezi zimafuna madzi ambiri ndi magetsi osathimathima, n'chifukwa chake malo a fakitale yakale amakopa: msewu, nthambo za magetsi ndi mtsinje zimakhala zilipo kale, ndiponso palibe mlimi amene amalandidwa munda. Mfundo yomalizayi si yaing'ono. Kumanga pa bwinja la fakitale n'kwanzeru kuposa kusamutsa mudzi, ndipo pamenepa a ku Wales anachita bwino.

Koma makina a mapepala safuna manja ambiri. Pamene fakitaleyo inkagulitsidwa kwa kampani ya ku Turkey ya Eren m'chaka cha 2021, antchito ake anali osakwana 200. Ng'anjo zinkadyetsa mabanja zikwizikwi, mapepala anadyetsa mazana chabe. Wonena kuti fakitale yachiwiri inabweza zimene yoyamba inapita nazo sakunena zoona.

Vuto lina ndi msika. Anthu atayamba kuwerenga nkhani pa foni ndi pa intaneti, nyuzipepala zinachepa. Fakitale yotere imapwetekeka kuwiri: ogula mapepala atsopano amachepa, akale oti igaye nawonso amasowa. Fakitale ya Aylesford ku Kent inatsekedwa mu 2015. Ya ku Shotton inasiya kupanga mapepala a nyuzi mu September 2021, ndipo eni atsopano anasankha mapepala opangira makatoni. Akatundu ogula pa intaneti yomweyo amafika m'makatoni, ndiye ndalama zinangosamuka.

Sikuti onse anagwa mphwayi. Kampani ya ku Germany ya Palm inatsegula fakitale yotere ku King's Lynn mu 2009, pamalo pamene kale panali fakitale ya shuga, ndi makina otha kutulutsa matani 400,000 pa chaka. Koma kumeneko makhonsolo amatolera mapepala khomo ndi khomo. Popanda dongosolo limenelo makina angangokhala ndi njala.

Anthu a m'chigawo cha Tete asaione nkhaniyi ngati ya kutali. Kampani ya Vale inagulitsa mgodi wake wa ku Moatize n'kuchoka mu 2022, ndipo malasha amene eni atsopano akukumba adzatha tsiku lina. Malo amenewo adzafuna ntchito ina, ndipo obwera ndi malonjezo sadzasowa. Mafumu ndi akuluakulu a boma asadzakhutire ndi chithunzi cha fakitale chojambulidwa pa pepala. Adzafunse chiwerengero cha anthu amene adzalembedwe ntchito yokhazikika omanga akadzapita, kumene zogaya zidzachokere, ndi amene walonjeza kugula katunduyo kwa zaka zingati. Mayankhowo alembedwe, ndipo awerengedwe pa msonkhano wa mudzi mwala wa maziko usanaikidwe.