Mfuti zopangira kunyumba: nkhani imene yavuta ku America

Njinga yamoto ili ndi nambala. Ikagunda munthu n'kuthawa, apolisi amatsata nambalayo mpaka apeze mwini wake. Mfuti ya kufakitale nayonso ili ndi nambala, yodindidwa pacitsulo. Nanga mfuti imene munthu wadzipangira yekha kunyumba, apolisi aitsata bwanji? Funso limeneli lavutitsa dziko la America kwa zaka zoposa 10. Tiyeni tilimve bwino.

Mfuti yake ndi yotani?

Mfuti yaitali imene anthu a ku America amakonda kulumikiza okha ndi AR-15. Munthu akawombera kamodzi, cipolopolo cimodzi cimatuluka, ndipo cina cimalowa cokha m'malo mwake. Safunika kuikamo cina ndi dzanja. Ndiye amatha kuwombera kambirimbiri m'kanthawi kocepa.

Mfutiyi ili ndi zigawo zambiri. Koma pamaso pa lamulo la kumeneko, cigawo cimodzi cokha ndico mfuti. Ndi cimango cimene zigawo zina zimagwirapo. Lamulo la 1968 limati fakitale izidinda nambala pacimango cimeneci. Lamulo lina la 1993 limati sitolo ya mfuti iziyamba yafufuza mbiri ya wogula. Ngati anamangidwapo pa mlandu waukulu, asamugulitse.

Mpata unali pati?

Lamulo la dziko lonselo silinaletse munthu kudzipangira mfuti yoti asunge yekha. Amalonda anauona mpatawu. Anayamba kugulitsa cimango cosamaliza, pamodzi ndi zigawo zina, m'bokosi limodzi. Iwo ankanena kuti cinthu cosamaliza si mfuti. Conco panalibe nambala, panalibenso wofunsa mbiri ya wogula. Munthu ankangoitanitsa pa intaneti n'kumalizitsa kunyumba. Kumeneko mfuti zotere anazipatsa dzina lotanthauza kuti mfuti za mizukwa, cifukwa sizisiya phazi.

Tisanamizane, si onse olumikiza mfuti amene ndi zigawenga. Ambiri amacita zimenezi ngati luso, monga mmene wina amakondera kumasula injini n'kuibwezeranso. Iwo amati malamulo aakulu a dziko lawo, kuyambira 1791, amapatsa anthu ufulu wokhala ndi zida. Koma khomo limene waluso amalowera, woletsedwa nayenso amalowera lomwelo.

M'caka ca 2013, mumzinda wa Santa Monica, mnyamata wina amene anali atakanizidwa kugula mfuti anadzilumikizira yake. Anapha anthu 5. Mu 2017, ku Rancho Tehama, bambo wina amene khoti linamuletsa kusunga mfuti anadzipangira zake, ndipo anthu 5 anaphedwa. Malo onsewa ali m'cigawo ca California. Boma la America linanena kuti mu 2021 mokha apolisi anapeza mfuti zotere pafupifupi 20,000. Ciwerengeroci cinakwera kakhumi poyerekeza ndi 2016.

Wopangayo nayenso ali pangozi

Pali cina cimene mavidiyo a pa foni sakonda kuonetsa. Cipolopolo cikamaphulika m'kati mwa mfuti, mphamvu yake ndi yoopsa. Ku fakitale amayesa citsulo ndi makina. Kunyumba kulibe womuyesera munthu. Cigawo cimodzi cikalakwika pang'ono, mfuti imatha kukanirira, kuwomba yokha, kapena kuphulikira m'manja.

Mu 2013, Cody Wilson wa ku Texas anatulutsa mfuti yaing'ono ya pulasitiki yochedwa Liberator. Anaipanga ndi makina a 3D, amene amaumba cinthu potsata cithunzi ca pa kompyuta. Caka comweco apolisi a ku New South Wales, ku Australia, anapanga yawo kuti aiyese. Inaphulika poiwombera. Tangoganizani, likanakhala dzanja la munthu!

Boma linacitapo ciani?

Mu 2022, boma la Joe Biden linakhazikitsa lamulo latsopano. Linati bokosi la zigawo limene lingasanduke mfuti mosavuta liziwerengedwa ngati mfuti. Likhale ndi nambala, ndipo wogula afufuzidwe. Ogulitsa ndi magulu okonda mfuti anakasuma. Mlandu unafika kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Mu 2025 oweruza 7 anavomereza lamulolo, awiri anakana. Kampani yaikulu yogulitsa mabokosiwa, Polymer80, inali itatseka kale mu 2024.

Ndiye kuti nkhani yatha? Ayi ndithu. Lamuloli likugwira wogulitsa bokosi. Siligwira munthu amene waumba cimango yekha ndi makina a 3D. Mu Disembala 2024, mkulu wa kampani ya inshuwalansi, Brian Thompson, anawomberedwa mumsewu ku New York. Apolisi anati mfuti imene anapeza ndi woganiziridwayo inali ndi zigawo zoumbidwa ndi makina otere. Ngakhale ku Japan, kumene malamulo a mfuti ndi okhwima kwambiri, nduna yaikulu yakale Shinzo Abe inaphedwa mu Julayi 2022 ndi mfuti yopangira kunyumba. Apa mukuona kuti lamulo limathandiza, koma palokha silikwanira.

Ife zikutikhudza bwanji?

Mwina mukuti, zimenezo ndi za kutali. Inde, America ndi kutali. Koma kuno ku Moçambique tikudziwa bwino tanthauzo la mfuti imene palibe akudziwa mwini wake. Nkhondo itatha pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri zinatsala m'chire, m'maenje ndi m'nyumba za anthu. Mu 1995, bungwe la machalichi la Conselho Cristão de Moçambique linayamba nchito yozitolera, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri ankapanga nazo zosema. Mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga ndi zidutswa za mfuti mu 2001 uli ku British Museum, ku London.

Nchito imeneyo inatenga zaka zambiri. Kulowetsa mfuti m'mudzi n'kwa tsiku limodzi, koma kuitulutsamo n'kwa zaka. Ndi cifukwa cake mkangano wa ku America wokhudza nambala si waung'ono. Dziko likalephera kuwerenga mfuti zake lero, mawa lidzavutika kuzitolera.

Kwathu kuno lamulo silili ngati la ku America. Kupanga kapena kusunga mfuti popanda cilolezo ndi mlandu, ngakhale ikhale gogodela wosakira nyama. Mukaona mwana wanu akutengeka ndi mavidiyo a anthu olumikiza mfuti, khalani naye pansi. Muuzeni za dzanja limene lingaduke, ndi za ndende. Ndipo mukafukula mfuti kapena zipolopolo zakale polima, musazigwire, musapite nazo kunyumba. Ikani cizindikiro pamalopo, cenjezani ana, kenako kauzeni amfumu kapena apolisi.