Mgolo wa Nkoloso ndi Masamu

Ku Matero alipo anyamata otsiriza sukulu amene akamva dzina la Edward Mukuka Nkoloso amafa nalo phwete. Amakumbutsana kuti m'caka ca 1964, pa famu yakale kunja kwa Lusaka, mkuluyu analowetsa ophunzira ace mu mgolo nawagubuduza pa citunda, kuti azolowere ulendo wa kumwezi. Akatha kuseka amati za nyenyezi nza Azungu, ndipo masamu sadyetsa munthu.

Kuseka kotere nkwa umbuli. Kuyesezera cinthu cosafikika ndiyo nchito ya akatswiri a zakuthambo. Makamu awiri a nyenyezi akamagundana pamapita zaka mamiliyoni mazanamazana, ndipo palibe angadikire kuti aone mathero ace. Cotero m'caka ca 1941 Erik Holmberg wa ku Sweden anayala mababu a magetsi 74, naika kuwala kwace m'malo mwa mphamvu imene nyenyezi zimakokana nayo, namawasuntha pang'onopang'ono. Kodi babu liposa mgolo ulemu? Iai. Kusiyana kwace nkwakuti Holmberg anali kupima ndi kuwerengera, pamene mgolo unangopatsa ana cizungulire. Colakwa ca Nkoloso sicinali kulota, koma kusowa masamu ndi zipangizo.

Kompyuta itabwera inalandira nchito ya mababu aja. M'caka ca 1972 Alar Toomre ndi mbale wace Juri anaonetsa nayo m'mene makamu ogundana amaturutsira micira yaitali ya nyenyezi, yonga imene ioneka kuthambo. Mu 2005, ku Germany, makina anatsata timadontho toposa 10,000,000,000 pofuna kuona m'mene makamuwo anaumbikira.

Ena amati zimenezi nzopeka za m'makina. Koma pa 21 June 2001 kadamsana anagwetsa mdima pa Matero dzuwa likali m'mwamba, pa mphindi yeniyeni imene akatswiri anaineneratu. Sanaombeze ula. Anawerengera kayendedwe ka mwezi ndi malamulo omwewo amene kompyuta iyendetsera nyenyezi zace.

Makina amene Nkoloso anawasowa afika, koma amamvera yekhayo wodziwa masamu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mnyamata wotaya buku la masamu naseka mgolo ndiye woyenera kusekedwa, pakuti mkulu uja anayesa ndi cimene anali naco, pamene iye, wokhala nazo zambiri, sanayese kanthu.