Msilikali Akabwerako Kunkhondo

M'mwezi wa February chaka cha 2025, Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, amene kwawo ndi ku Kasiya, analamula kuti asilikali a Malaŵi akonzekere kuchoka kum'maŵa kwa dziko la Congo. Lamuloli linadza asilikali atatu a dziko lino atafa mu January pomenyana ndi zigaŵenga za M23. Mu November 2018 enanso asanu ndi mmodzi anafera kufupi ndi mzinda wa Beni. Omwalirawo dziko linaŵalira. Koma amoyo amene anabwerera kwa akazi ndi ana awo, ndani akuŵalabadira?

Nkhaniyi si yachilendo. Amuna a dziko lino anamenya nkhondo ya 1914 mpaka 1918 m'gulu la King's African Rifles, ndipo pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anafika ku Ethiopia ndi ku Burma. Gule wa mganda, amene amavinidwa m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, anachokera ku perete wa asilikali otere. Pakati pa 1987 ndi 1993 asilikali a Malaŵi analondera njanji ya ku Nacala m'dziko la Mozambique. Mbadwo uliwonse walandirapo asilikali ake, koma mudzi umakumbukira gule ndi mayunifomu, n'kuiŵala zimene munthuyo wabwera nazo mumtima.

Tsiku lofika, pamudzi pamakhala nthungululu, mbuzi n'kuphedwa. Mavuto amayamba alendo atabalalika. Munthu amene wakhala miyezi yambiri akugona khutu lili kunja sapeza tulo msanga. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, usiku amalota anzake amene anafa iye akuona, ndipo amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Madokotala amati aŵa ndi matenda a maganizo obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu waona. Si ufiti, si mantha, ndipo amachizika. Tsoka lake n'lakuti mwambi woti mwamuna salira umamutseka pakamwa, ndipo ena amathaŵira ku kachasu.

Vuto lachiŵiri lili m'nyumba. Mwamuna ali kutali, mkazi ndiye amagula feteleza, kulipira fizi, kulemba aganyu ndi kugulitsa fodya kapena mtedza. Bambo akafika n'kuyamba kulamula ngati ali pa perete, mkangano suchedwa. Naye mwana amene anasiyidwa ali kumsana amathaŵa bambo wake ngati mlendo. Apa ankhoswe asadikire kuti banja ligwedezeke. Ayenera kufika msanga, kukhala pansi ndi aŵiriwo, ndi kuŵakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lachitatu ndi ndalama. Abale akamva kuti msilikali wabwera ndi kangachepe, amandanda pakhomo: uyu akufuna malata, uyo njinga, winayo ngongole ya kumunda. Kuthandiza abale ndi mwambo wabwino, koma ndalamazo munthu anazipeza moyo uli pachiswe, ndipo sizibweranso chaka chilichonse. Eni mbumba ndi mafumu a ku Kasiya, Kabudula ndi Nsaru aletse mchitidwe wodyera masuku pamutu mwana wawo yemwe.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Monga momwe msilikali amaphunzitsidwira miyezi yambiri asanapite kunkhondo, ayeneranso kukonzekeretsedwa asanabwerere kubanja, ndipo uphungu uperekedwe kwa mkazi ndi ana omwe. Thandizo la matenda a maganizo limapezeka ku chipatala cha Zomba Mental ndi ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, koma munthu wa kumudzi afunika wina womulozera njira popanda kumuchititsa manyazi.

Aphunzitsi akhale tcheru. Mwana wa msilikali akayamba kusinza m'kalasi kapena kujomba, afunsidwe mofatsa za kunyumba asanapatsidwe chibalo. Achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akulakalaka usilikali adziŵe kuti ntchitoyi ndi yaulemu, koma mtengo wake amalipira ndi banja lonse.

Mu November chaka chilichonse dziko limaika nkhata za maluŵa pa zipilala zokumbukira asilikali ku Zomba ndi ku Lilongwe. Ulemu umenewo ndi woyenera. Koma msilikali wamoyo amene wakhala chete pakhonde la nyumba yake afunika womuchezera lero lino, pakuti mutu umodzi susenza denga.