Musanagule dayale ya chaka chamawa, tsegulani pa Loweruka

Nyengo ija yakwana yoti madayale a chaka chamawa adzaze m'mashopu a mabuku ndi pa matebulo a mavenda, kuno ku Marondera, ku Harare, ngakhale ku Limbe. Ena mupatsidwa aulere ndi makampani a feteleza kapena a inshulansi. Ife amene timagulitsa m'mapulazi a kuno tili ndi maganizo athu pa nkhaniyi, ndipo amene mutsutse tsutsani, gulu ndi lathu tonse. Kwa munthu wa geni kapena dalaivala, dayale ndi mboni. Pogula dzifunseni ngati bukulo lingakuimireni tsiku limene mwakangana ndi munthu pa nkhani ya ndalama kapena ya masiku. Chikuto chonyezimira chisakutengeni mtima.

Mukaitenga m'manja, musataye nthawi ndi masamba oyamba aja okhala ndi mapu. Tsegulani pa Loweruka lililonse. Madayale ambiri amapangidwira anthu a m'maofesi amene sabata yawo imatha Lachisanu madzulo, ndiye Loweruka ndi Lamlungu amawapanikiza pa tsamba limodzi, mwina timizere tinayi basi. Kwa ife imeneyo ndi yotaya. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, antchito a m'mapulazi atalandira, ndi tsiku limene timazungulira m'makomboni kutolera ngongole ndi kusiya katundu wina. Tsiku limodzi lokhalo mukhoza kulemba mayina 30. Dalaivala nayenso sadziwa wikendi, Lamlungu limamupeza pa mzere pa boda monga Lachiwiri. Choncho funani ija yopatsa tsiku lililonse tsamba lathunthu, masiku onse 7. Ilipo, imakwererako mtengo pang'ono, ndipo imatha msanga.

Kuno ku Mashonaland nkhani ya buku ndi yakale kuposa ife. Agogo a ambiri mwa makasitomala athu anachokera ku Nyasaland, ena wapansi, ena atalembedwa ndi Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya pamene tawuni ino inkatchedwa Marandellas, dzina limene linasinthidwa mu 1982. Malipiro awo ankayendera tikiti. Tikiti imodzi inali masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku linkawerengedwa pokhapokha kapitawo kapena kalaliki atachonga. Tsiku losachongedwa linali ngati sunagwire. Ngongole ya pa sitolo ya pa pulazi nayo inkakhala m'buku la mwini sitolo. Wantchito analibe lake buku loti atsegule n'kunena kuti "ayi bwana, onani apa." Ndiye tikamalemba ngongole m'makomboni masiku ano tizikumbukira kuti tsopano ogwira buku ndife. Lembani kasitomala akuona, muwerengereni mokweza, asayinire pambali pake kapena alembe yekha dzina lake. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti cholembedwa choyamba chizionekabe. Musafufute, musang'ambe tsamba. Buku long'ambidwa masamba palibe amene angalikhulupirire, kaya ndi kasitomala, kaya mkulu wa komboni, kaya wapolisi.

Apa ndi pamene dayale imaposera hadikava wamba. Tikudziwa kuti ambiri mumakonda hadikava, n'njotchipa, masamba ake ndi ambiri, ndipo imapezeka pa gulosale iliyonse. Koma mu hadikava deti mumalemba nokha, ndiye munthu akhoza kunena kuti mwalemba dzulo usiku. Mu dayale deti linasindikizidwa kale, tsiku lililonse lili pakati pa anzake, ndipo ngongole ya pa 28 Juni ili pakati pa zogulitsa zina za tsiku lomwelo. Kulowetsapo bodza n'kovuta, ndipo wokana ngongole amadziwa zimenezo. Amene katundu wanu ndi wochuluka sungani zonse ziwiri, hadikava ya sitoko ndi dayale ya zochitika za tsiku.

Tsopano ndalama, ndipo apa tichedwapo. Ulendo umodzi wokha timagwira makwacha pooda mpunga wa Kilombero, usipa ndi zitenje, timagwira meticais ku Tete, tikafika kuno n'kugwira madola a ku America ndi ZiG, ena mpaka marandi. Nambala yongolemba yokha popanda kunena kuti ndi ndalama yanji, pakapita miyezi itatu imasanduka mkangano. Dziko lino lasintha ndalama kangapo ife tikuona. Mu 2009 tinalowa m'madola, mu Novembala 2016 kunabwera mabondi, mu 2019 RTGS, ndipo mu Epulo 2024 ZiG, imene inayamba pa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaigwetsa kufika pa 24 ndi kanthu. Tiwerengere limodzi. Munthu amene mu Ogasiti 2024 anasiya zitenje pa ngongole n'kulemba 280 ZiG, pa mtengo wa boma inali pafupifupi madola 20. Pomadzatolera kumapeto kwa Sepitembala, 280 yomweyo inali isakukwana madola 12. Kasitomala sanabe, walipira zimene zinalembedwa. Kwathu nakonso, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo amene anatenga katundu wa anzawo pa ngongole ya makwacha ndi amene anaseka.

N'chifukwa chake timafuna tsamba lotakasuka. Pamwamba pa tsamba lililonse, m'mawa musanagulitse kanthu, lembani mtengo wa dola wa tsikulo, wa ku banki ndi umene anthu akusinthira kumene muliko. Pa ngongole iliyonse lembani mtundu wa ndalama imene mwagwirizana, ndiponso ngati munthuyo adzalipira m'ndalama ina, mudzawerengera pa mtengo wa tsiku liti, lotenga katundu kapena lolipira. Mzere umodzi wokha umenewu umapulumutsa ubale. Dayale ya sabata yonse pa masamba awiri ilibe malo a zimenezi, mudzayamba kufupikitsa, ndipo chofupikitsa chanu chomwe mudzalephera kuchiwerenga mu Okutobala.

Amene mumadutsa ndi STR ya COMESA pa Mwanza ndi pa Nyamapanda mukudziwa kuti katundu wa ulendo umodzi asapitirire malire a ndalama amene anaikidwa ndipo akhale wa pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Mukamalemba zooda zonse pa tsamba la tsiku looda, ndi mtengo wa dola pamwamba pake, mumafika pa boda mukudziwa kale kuti muli pati. Dayale silowa m'malo mwa malisiti, a kasitomu amafuna mapepala enieni. Koma malisiti a makina aja amafufutika okha, makamaka akadutsa kutentha kwa ku Tete ali m'chikwama. Lembani nambala ya lisiti, deti ndi ndalama yake m'buku tsiku lomwelo. Ngati dayale ili ndi kathumba mkati mwa chikuto n'zabwino, ngati ilibe matani envelopu.

Chachiwiri choti muone mukatha Loweruka ndi tsamba loonetsa chaka chonse pamodzi, miyezi 12 pa masamba awiri. Anthu ambiri amalidumpha, koma ndi pamene pamakhala masiku otha mapepala. Pasipoti muilembe miyezi 6 isanathe, chifukwa maboda ambiri amafuna itatsala ndi nthawi yotero. Masiku amene akudindirani polowa muwalembe pa tsamba la tsiku lotuluka, komanso masiku atatu lisanafike. Adalaivala muli ndi zambiri: laisensi, COF, Yellow Card, TIP ya galimoto, laisensi ya ZINARA kwa a magalimoto a kuno, ndi mapepala a ku Mozambique amene amayenda paokha popeza dzikolo silili mu COMESA. Chilichonse chili ndi tsiku lake, ndipo kawirikawiri chimatha muli pakati pa ulendo.

Maholide osindikizidwa mu dayale musawadalire. Madayale ambiri amene timagula ndi ochokera ku South Africa, ndiye adzakuuzani za 27 Epulo, 16 Juni ndi 24 Sepitembala, masiku amene alibe ntchito pa msewu wa Tete. Ngakhale yosindikizidwa ku Harare imadziwa dziko limodzi, pamene ife timadutsa atatu. Khalani pansi madzulo amodzi mulembe nokha. Ku Zimbabwe kuli 21 Febuluwale, 18 Epulo, 25 Meyi, Lolemba lachiwiri la Ogasiti ndi Lachiwiri lotsatira lake, komanso 22 Disembala. Ku Mozambique kuli 3 Febuluwale, 7 Epulo, 25 Juni, 7 ndi 25 Sepitembala, ndi 4 Okutobala. Kwathu kuli 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala. Boda imagwira ntchito pa holide, koma banki, ofesi yopereka pemiti ndi holoselo imene mumaodako zikhoza kukhala zotseka, inu n'kugona masiku awiri mukudya mpamba.

Palinso kalendala ina imene palibe wosindikiza angakulembereni, ya ndalama za m'mapulazi. Marondera, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Harare pa msewu wa ku Mutare, imapuma ndi fodya. Malamulo a kuno amati mapesi a fodya akhale atazulidwa pofika 15 Meyi, nazale isafesedwe 1 Juni asanakwane, ndipo kuwokera kusayambe 1 Sepitembala asanafike. Misika ya fodya imatsegulidwa cha mu Malichi, kwathu cha mu Epulo. Kuyambira pamenepo mpaka m'nyengo yozizira ndalama imayenda, ngongole zimabwezedwa, ndipo popeza kuno n'kumtunda, chisanu cha Juni ndi Julayi chimagulitsa mabulangete ndi majuzi popanda kunyengerera munthu. Januwale ndi mwezi wina. Sukulu za kuno zimayamba chaka mu Januwale, pamene za kwathu zimayamba mu Sepitembala, ndiye amene muli ndi ana mbali zonse fizi imakumenyani kawiri. Kasitomala amene akusaka fizi ndi yunifolomu sangakupatseni ya chitenje. Zimenezi muzilembe ndi pensulo pa tsamba la chaka lija, kuti muone miyezi yoyenera kukongoza ndi miyezi yoti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chaka chikatha, buku lomwelo lidzakuuzani ngati munaganiza bwino.

Achinyamata atifunsa kuti bwanji osangolemba pa foni. Funso labwino, ndipo foni timaifuna. Mauthenga a EcoCash, Mukuru, Airtel Money ndi Mpamba ndi umboni wamphamvu. Koma foni imafuna chaji, ndipo magetsi a kuno tonse tikuwadziwa. Paulendo timasintha malayini katatu. Foni ndi chinthu choyamba chimene wakuba amafuna pa depoti, pamene buku lakuda lopindika m'makona palibe amene amaliyang'ana. Ndipo mayi wachikulire wa pa komboni sangasayinire pa foni yanu. Ife timati ziwirizi zizithandizana. Lamlungu lililonse madzulo jambulani masamba a sabatayo, mutumize pa WhatsApp kwa mkazi wanu, mwamuna wanu kapena m'bale amene mumamukhulupirira. Buku likatayika zithunzi zilipo, foni ikapita buku lilipo. PIN ndi mapasiwedi musalembemo ayi. Ndalama zimene mwanyamula pa ulendo nazo musazilembe moonekera, dikirani mufike.

Inu adalaivala, tsamba lanu la tsiku lizikhala ndi makilomita ponyamuka ndi pofika, malita a dizilo ndi pamene mwathira, nthawi imene mwafika pa boda, nthawi imene mwapereka mapepala kwa ejenti ndi imene wakubwezerani, nambala ya seal, zimene sikelo yawerenga, ndi zolipira pa mageti. Mkangano wa dizilo kapena wa kuchedwa umabwera patapita masabata, pa nthawi ya malipiro, ndipo ofesi imakhala ndi mapepala ake. Munthu amene angatsegule buku n'kunena kuti ndinafika pa Nyamapanda 6 koloko m'mawa, mapepala anatuluka mawa lake masana, amamvedwa mosiyana ndi amene akungolumbira. Mukanyamula katundu wa amayi a geni, lembani chiwerengero cha matumba onse awiri mukuona, aliyense m'buku lake.

Za thupi la buku sitichulukitsa. Kukula kwake kukhale A5, chifukwa yaikulu ija ya A4 imatsala kunyumba ndipo ya m'thumba ilibe malo. Ikhale yosokedwa ndi ulusi, chikuto cholimba. Ya waya imaphwanyika mu thiraki, masamba ake amathothoka okha. Pepala likhale loti bolopeni isaonekere kuseri, ndipo muzilemba ndi bolopeni wamba, chifukwa inki yamadzimadzi ija ikakumana ndi mvula ya Januwale imasungunuka. Zokonzekera lembani ndi pensulo, zochitika ndi bolopeni. Yaulere ya kampani ngati yapambana mayeso a Loweruka itengeni, ngati yalephera apatseni ana.

Ena amadikira Febuluwale kuti mitengo ya madayale itsike. Imatsikadi, koma ngongole za Khirisimasi zimakhala zikuyenda m'mutu kwa masabata 6 popanda polembedwa. Gulani Disembala asanathe. Ngongole zonse zotsala muzisamutsire pa masamba oyamba a buku latsopano, iliyonse ndi deti lake la m'buku lakale ndi mtundu wa ndalama, ndipo mukakumana ndi mwini ngongole asayinirenso. Buku lakale lembani chaka pamsana pake, mulikulunge mu jumbo, mulisunge pamodzi ndi malisiti pamalo osafika chiswe. A ZIMRA amafuna kuti wochita bizinesi asunge zolemba zake kwa zaka 6.